Mkaka wa Amake Dunstan

"Ikabwera lero galimoto ija, ine chitseko sinditsegula. Ndanena ndanena."

Febby ananena mawuwa ali chiimire pakhomo la kukhitchini, mwana wake Dunstan ali kumsana. Mwamuna wake, Gilson Kabamba, anali pampando akumanga zingwe za nsapato, ndipo sanadzutse mutu.

"Mutsegula, amake Dunstan."

"Mwana wopanda ndi mnofu womwe azimubaya mwezi ndi mwezi? Magazi onsewo amapita nawo kuti? Amathirira maluwa?"

"Ndi kafukufuku. Ndikuuzeni kangati? Madokotala a kukiliniki ya kampani akufuna kudziwa mmene ana akukulira m'tauni muno. Mavitamini amasiyawo mumawagula?"

"Ana a mu Chelstone muno ndi angati, atate ake Dunstan? Nyumba iliyonse muli khanda. Magazi anatitenga tonse tili ndi pakati, pamzere umodzi, akazi onse a ogwira ntchito pakampani panu. Nanga n'chifukwa chiyani galimotoyo imalumpha makomo onsewa n'kudzaima pathu?"

"Mwayi sufunsidwa chifukwa."

"Mwayi? Poyamba inkaima kwa ba Kapembwa. Mwana tinaika kumanda a ku Chingwere, amake anatsatira. Kenaka inayamba kuima kwa amake Edmond, patsidya pa msewu apa. Edmond ali kuti lero? Mwayi umenewo ine sindiufuna."

Gilson anamaliza nsapato imodzi n'kuyamba inzake. Ankamanga pang'onopang'ono, ngati mwana amene waphunzira dzulo.

"Mverani," anatero. "Nyumba ino ndi ya kampani. Kadi ya chipatala imene mumanyadira nayo, imene imakulowetsani kwa dokotala anzanu akugona pamzere, ndi ya kampani. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mukamuponya mwala muswa mkhate wanu womwe."

"Safunsa anadya phula."

"Ndipo wofunsitsa anagona panja."

M'chipinda munamveka kulira kwa khanda lina. Ameneyu anali Imelda, mwana wa Rhoda, mng'ono wake wa Febby. Rhoda ankatayipa makalata mu ofesi ina ya boma ku Longacres ndipo ankakhala ku Kabwata. Atangobereka, bere lake linatupa n'kuchita chithupsa, mkaka n'kuuma. Mkaka wam'chitini unali utasowa m'masitolo monga mmene zinasowera sopo ndi mafuta ophikira chaka chimenecho. Ukamveka kuti wafika m'tauni, mzere wake unkayang'aniridwa ndi anyamata a chipani okhala ndi zibonga, ndipo unkatha anthu asanafike pakhomo. Choncho Rhoda ankabweretsa Imelda Lamlungu madzulo n'kudzamutenga Loweruka, ndipo Febby ankayamwitsa ana awiri.

Febby anakatenga khandalo, nakhala pamphasa, naliika kubere. Gilson anaimirira msangamsanga n'kutenga jekete.

"Mwana uyu bwanji osamuyambitsa phala?" anafunsa akuyang'ana kukhoma.

"Wa miyezi itatu? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji wa m'bale wanga. Kapena mukuona ngati akumaliza mkaka wa Dunstan?"

"Ndangonena."

Anatuluka osamwa tiyi. Zinali choncho masiku onse. Febby akamayamwitsa Dunstan, Gilson ankakhala n'kumaseweretsa tiphazi ta mwanayo, koma akangonyamula Imelda, bamboyo ankakumbukira kuti wachedwa. Febby ankati ndi manyazi a chilamu.

Galimoto inafika dzuwa lili pamutu. Febby anaimva isanaoneke, chifukwa ana amene ankasewera mpira wamapepala mumsewu anasiya phokoso onse nthawi imodzi. Anakhoma chitseko nasuzumira pakamphako ka katani. Inali Landirova yoyera, yopanda dzina lililonse m'mbali mwake. Kumbuyo kunali mzungu wa magalasi akuda amene sanatsikepo chiyambire. Wotsika anali Sisita Winifred, namwino wachikulire wa imvi m'mbali mwa chipewa, atanyamula kabokosi kozizira. Ataima pageti, anavala magolovesi, n'kuvalanso ena pamwamba pake. Febby anali ataona anamwino ambiri kusikelo akunyamula ana ndi manja okhaokha. Kwa Dunstan kokha ndi kumene ankavala awiri.

"Odi, amake Dunstan."

Mawu ake anali ofatsa. Anagogoda, nadikira, nagogodanso. Injini ya galimoto inali ikulirabe chapansipansi. Patsidya pa mpanda, amayi oyandikana nawo anali ataanula zovala zosauma n'kulowa m'nyumba. Febby anatseka pakamwa pa Dunstan ndi bere mpaka nsapato za Sisita zinabwerera kugeti.

Galimoto itapita, iye anabereka Dunstan, nanyamula Imelda m'manja, nawoloka msewu.

Barbara, amake Edmond, anali atakhala pampando wa ndalema kuseri kwa nyumba, atafunda bulangete masana a mwezi wa Novembala. Mwamuna wake anali atapita ku Kitwe kukafuna malo, ndipo sanabwerere. Pakhomopo udzu unali utameranso panjira ya kumpopi. Barbara anali mkazi wojintcha amene ankatsogolera nyimbo kumaliro, koma tsopano mawondo ake ankaoneka ngati zibakera pansi pa bulangete, ndipo tsitsi lake linali lafewa ngati la khanda.

"Muli shani, amake Edmond?"

"Ndaimva," anatero Barbara osayankha moni. "Injini yake ndimaidziwa. Kwathu inasiya kubwera. Edmond atangopita, inabwera kamodzi kudzafunsa tsiku limene anapita, basi. Yapeza khomo lina."

"Kodi anthu amenewa ndi amene akutidwalitsa? Kumsika akuti ndi akamunyama, aja ankanena makolo athu kuti amagulitsa magazi a anthu."

Barbara anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Chitaleka anapukuta pakamwa ndi ngodya ya bulangete.

"Nanenso ndinkaganiza choncho. Koma munthu ukakhala pampando tsiku lonse umaganiza zambiri. Sapha anthu amenewa, amake Dunstan. Wakupha amabisala. Awa amabwera masana. Munaonapo mmene mwini munda amayenderera mapapaya ake, kuwagwiragwira kuti aone limene ligwe poyamba? Ankandiyang'ana choncho. Ankadziwa kale."

"Ankadziwa chiyani?"

"Ndinafunsa. Anati ndifunse atate ake Edmond. Atate ake Edmond anati ndi kafukufuku."

Mphepo inadutsa m'mabulugamu a kuseri. Barbara anatulutsa dzanja m'bulangete naloza khanda limene linali m'manja.

"Wonenepa uyu ngwa yani?"

"Wa Rhoda."

"Wokongola. Masaya ngati mabanzi." Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenuzira maso kwa Dunstan, amene mutu wake unkagwera kumbali kumsana kwa amake. Anangoti, "Chaona mnzako chapita. Mukandiimbire bwino, amake Dunstan. Musakoke nyimbo ngati aja a kwaya."

Sabata yotsatira Dunstan anayamba kutsegula m'mimba, ndipo m'kamwa mwake munatuluka zoyera ngati mkaka wosasa. Febby anakwera minibasi ndi ana onse awiri mpaka kukiliniki ya kampani m'tauni. Kalaliki wa pawindo anatenga kadi, nayang'ana nambala, naibweza ndi nsonga za zala.

"Kadi iyi yaimitsidwa."

"Ndani waimitsa?"

"Mukaonane ndi a kafukufuku. Wotsatira."

Febby anakhala pabenchi kuti amange bwino mwana. Pakhoma la kutsogolo kwake panali chithunzi chachikulu chatsopano, cha munthu wa mafupa okhaokha atagona pabedi, pansi pake pali mawu a Chingelezi ofiira. Anthu onse a pabenchipo anakhala mopendeketsa mitu kuti asachione. Mayi wina anakoka mwana wake amene ankafuna kuchiwerenga mokweza. Febby anachiyang'ana kamodzi kokha, naona mawondo aja a Barbara.

Anakaima pamzere wa chipatala cha boma mpaka madzulo, n'kubwerako ndi timapaketi ta mchere ndi shuga. Atafika kunyumba anapeza chihema chikumangidwa patsidya pa msewu. Barbara anali atapita. Pamaliropo anthu anati ndi chifuwa chachikulu, ena anati anamulodza achibale a mwamuna. Mkulu wa chipani wa m'deralo analankhula za umodzi ndi mtendere. Febby anatsogolera nyimbo, ndipo sanaikoke.

"Mwaona?" anatero Gilson atabwerako kumanda. "Mwaswa mkhate. Lachisanu akubweranso. Mukatsegula, kadi itsegulidwa."

Febby anayang'ana Dunstan, amene liwombo lake linali litalowa, ndipo sanatsutse.

Lachisanu anasiya chitseko chotsegula. Kunja kunali mitambo yakuda yosagwetsa mvula, m'nyumba muli chifundizi. Dunstan anali atagona. Febby anali pamphasa akuyamwitsa Imelda pamene Sisita Winifred anaodira n'kulowa. Masiku ena onse galimoto ikamabwera, Imelda ankakhala ali m'tulo kuchipinda, ndipo Sisita anali asanamuonepo.

Mayiyo anaima pakhomo, kabokosi kali m'manja. Anayang'ana Dunstan pamphasa, nayang'ana khanda limene linali kubere. Nkhope yake inachita ngati ya munthu amene waponda chinthu chofewa mumdima.

"Uyu si wanu."

"Ngwa mng'ono wanga. Mkaka wake unauma."

"Munayamba liti?"

"Atangobadwa kumene."

Sisita anaika kabokosi pansi mosamala kwambiri. Anatseka chitseko, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mchotseni kubere."

"Sanakhute."

"Amake Dunstan, chonde. Mchotseni."

"Chifukwa?"

"Sindiloledwa kunena."

"Ndiye nanenso sindiloledwa kumana mwana wa m'bale wanga." Febby anafungatira khandalo mwamphamvu. "Mwandibaya, ndakhala chete. Mwabaya mwana wanga, ndakhala chete. Mwatseka kadi, ndabwera ndatsegula chitseko. Koma lero simutuluka muno musanandiuze chimene munaona m'magazi anga. Ndi anga, ba Sisita. Sindinawabwereke kukampani."

Sisita anasuzumira pawindo, kumene galimoto inali ikulira. Kenaka anavula magolovesi onse awiri, nawaponya pabokosi, nagwada pamphasa. Analowetsa chala pakona ya kamwa ya Imelda, monga amachitira amayi odziwa, ndipo khandalo linasiya bere n'kuyamba kulira. Analitenga n'kulikhazika pachifuwa pake.

"Lamulo la kafukufuku ndi loti zotsatira amauzidwa mwini kadi," anatero ndi mawu otsika. "Mwini kadi ndi amuna anu. Dokotala anawaitana Dunstan asanabadwe. Iwo anati akuuzani okha pa nthawi yake, ife tisatsegule pakamwa. Ndinkawafunsa ndikakumana nawo, n'kumati mukudziwa koma simufuna kuti zizikambidwa."

"Kudziwa chiyani?"

Sisita anagwira kamtanda ka pakhosi pake.

"Ndi matenda a pachithunzi paja?" anafunsa Febby. "A Barbara?"

"Kaliondeonde. Pawailesi akuti Edzi. Kachilombo kake kali m'magazi anu ndi a amuna anu. Kamakhala zaka munthu akuyenda bwinobwino, monga mulili inumu. Ndipo kamayenda ndi mumkaka momwe."

Febby anayang'ana bere lake. Dontho la mkaka linali litalendewera kunsonga, loyera bwinobwino. Linagwera pachitenje.

"Imelda watenga?"

"Sindidziwa. Si ana onse amene amatenga. Mwina Mulungu wamutchinga. Amake amubweretse kuchipatala cha boma pakapita miyezi ingapo, akandifunse ine. Koma kuyambira lero asalawenso. Phala lamadzi, mkaka wa ng'ombe wowiritsa, chilichonse."

"Nanga Dunstan? Nayenso ndimusiyitse?"

Sisita anayang'ana mwanayo, nthiti zake zikukwera ndi kutsika pansi pa kamalaya.

"Dunstan muzimuyamwitsa," anatero. "Musamumane. Nthawi iliyonse imene akufuna."

Febby anamva. Sanalire. Anakokera chitenje pachifuwa n'kuchimanga, manja ake akugwira ntchito okha.

"Ndiye mavitamini ajawa ndi mankhwala ake?"

"Mankhwala kulibe, mwana wanga. Kulikonse padziko."

"Nanga mumadzatani kuno mwezi ndi mwezi?"

"Akufuna kudziwa kuti ndi ana angati amene amatenga kwa amayi awo, ndiponso kuti amakhala nthawi yotani. Akuti zidzathandiza ena m'tsogolo. Mwina n'zoona."

"Mumadzaonerera."

Sisita anaweramitsa mutu. Kunja hutala inalira kamodzi, mwaulemu. Iye anagoneka Imelda pamphasa, natola magolovesi ndi kabokosi kopanda kanthu.

"Ndikawauza kuti mwana wafooka kwambiri, sindinapeze mtsempha. Kadi atsegula. Akamva kuti ndalankhula, ntchito yanga yatha, koma ndakalamba kale ndi zimene ndaona m'makomo muno."

Gilson anafika dzuwa likupendeka, atanyamula buledi m'khwapa, nkhope ili yosangalala chifukwa buledi anali wosowa. Anapeza Imelda akulira mpaka mawu kusasa, Febby akuyesa kumumwetsa phala lamadzi ndi sipuni. Anaima. Anayang'ana sipuniyo, nayang'ana mkazi wake, ndipo buledi anamuika patebulo ngati chinthu chosweka.

"Wakuuzani ndani?"

"Limenelo ndiye funso lanu loyamba?"

"Amake Dunstan..."

"Khalani pansi. Lero simunachedwe kulikonse."

Anakhala. Febby anamuona bwino kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri. Kolala ya shati inali yotakasuka, ndipo lamba anali ndi bowo latsopano loboola ndi msomali.

"Ndinkati ndikuuzani mukabereka," anayamba Gilson. "Mutabereka ndinati mwana akhwime. Ndinkati mawa, koma mawa lililonse linali ndi mawa lake. Dokotala anati tikakhala m'kafukufuku, akuluakulu a kampani sauzidwa, ndipo kadi ikhalabe. Mukudziwa zimene anachita kwa ba Kapembwa zitamveka? Anawapumitsa, nyumba n'kulanda, mkazi ali pamphasa. Ndikanakuuzani, mukanachira? Mukanangofa kawiri, poyamba ndi maganizo. Ndinasenza ndekha kuti inu muzigona tulo."

"Ine sindikanachira. Dunstan mwina sakanachira. Nanga uyu?"

Gilson sanayang'ane khandalo.

"Ndinakuuzani kuti mumuyambitse phala."

"Munandiuza za phala."

"Ndikanati chiyani? Ndipo amene anabweretsa matendawa m'nyumba muno sitikumudziwa. Inunso munalandirapo magazi kuchipatala chaka chija."

"Sindinafunse amene anabweretsa. Njoka ikalowa m'nyumba, za bowo lolowera timakamba pambuyo. Ine ndikufunsa munthu amene anaiona ili pamphasa ya ana, iye n'kutenga jekete. M'mawa uliwonse, atate ake Dunstan. Rhoda anakugwadirani pakhomo apa kukuthokozani kuti mwalola mwana wake akulire m'nyumba mwanu, inu n'kumuuza kuti magazi ndi amodzi."

Gilson anabisa nkhope m'manja. Mapewa ake ankagwedezeka koma mawu sankatuluka. Atachotsa manja, maso ake anali ofiira ndi ouma.

"Musamuuze Rhoda."

"Mwati?"

"Mwina mwanayu sanatenge. Ngati sanatenge, muutsiranji mavu? Mungonena kuti mkaka wachepa. Mwamuna wa Rhoda ndi msilikali, akabwera kuchokera kumalire adzandipha. Ndipo Rhoda akadziwa, amayi anu ku Katete adziwa, kutchalitchi adziwa. Pampopi apa adzatsuka mpopi mukatunga. Kumsika sadzalandira ndalama m'manja mwanu. Bongololo sadzolera mafuta pagulu, amake Dunstan. Za m'nyumba zithere m'nyumba."

"Ndi zimenezo zimene anauzidwa Barbara. Wapita osadziwa dzina la chimene chamutenga."

"Mukatuluka ndi nkhani imeneyi, mwatiika m'manda tili moyo."

"Dzenje munakumba kale nokha. Ine ndikungokana kuti mwana wa eni agweremo."

M'mawa wa Loweruka, Rhoda asananyamuke kudzatenga mwana, Febby anabereka Dunstan, nanyamula Imelda ndi kachikwama ka matewera, nakwera minibasi pamsika wa Chelstone. Gilson anatsala atakhala pabedi, nsapato zili m'manja. M'minibasimo Imelda analira njira yonse ya Great East, akufunafuna ndi kamwa pachifuwa chomangidwa. Mayi wina wa pampando wakumbuyo anagwira Febby paphewa.

"Mupatseni bere mwanayo, amayi. Muli ndi manyazi ndi yani?"

Febby anayang'ana pawindo.

Ku Kabwata anapeza Rhoda akusita diresi patebulo, wailesi ikuimba. Ataona mkulu wake anamwetulira.

"Ba Febby, mwandipulumutsa ulendo. Nanga kamwana kanga kasasa mawu bwanji?"

"Zimitsa wailesi, Rhoda."

Anamuuza ali chiimire, osazungulira. Ananena za magazi a pamzere paja, za galimoto, za Sisita, za Gilson. Dzina la matenda analitchula lonse. Poyamba Rhoda anaseka pang'ono, ngati munthu amene wamva chinenero chachilendo. Kenaka fungo la nsalu yopserera linadzaza m'nyumba, koma iye sanachotse simbi mpaka Febby anaichotsa.

Rhoda anatenga mwana wake. Anapita naye pawindo, namutsegula pakamwa ndi chala, nasuzumira m'kati nthawi yaitali ngati angaone chinthucho chikuyenda. Ananyowetsa kansalu pampopi n'kuyamba kupukuta lilime la mwanayo, nkhama, m'masaya. Anachapa kansaluko, napukutanso. Imelda ankatsamwa ndi kulira.

"Sizichoka choncho, Rhoda."

"Ndisiyeni."

Anapukutanso kachitatu, kenaka manja ake anafooka, kansalu n'kugwera pansi.

"Alamu ankadziwa tsiku lija ndinagwada?"

"Ankadziwa."

"Inu?"

"Dzulo masana."

Rhoda anamuyang'anitsitsa m'maso, ndipo Febby sanaphethire.

"Tidziwa liti?"

"Pakapita miyezi. Sisita akuti upite naye, ukamufunse iyeyo."

"Miyezi," anatero Rhoda. Anamunyamula mwanayo m'mwamba pang'ono n'kumutsitsa, ngati woyesa kulemera kwa nkhuku pamsika. Atazindikira chimene akuchita anasiya, namukumbatira. "Tulukani kaye, ba Febby. Sindikukuthamangitsani. Koma mwanayu akamamva fungo lanu sadya."

Febby anatuluka nakhala pasitepe ya khonde. Anamasula Dunstan, namasula chitenje cha pachifuwa chimene chinali chitanyowa mbali zonse ziwiri, namuika kubere. Mwanayo ankayamwa pang'ono n'kupuma, kuyamwa pang'ono n'kupuma. Mumsewu anthu ankadutsa ndi matumba opanda kanthu, akuthamangira kumene kunamveka kuti kwafika ufa. M'nyumba munkamveka sipuni ikugunda m'kapu, mawu a Rhoda akunyengerera, ndi kulira kosaleka.

Dzuwa linakwera n'kuyamba kutsika. Kulirako kunasanduka kamawu kowuma ngati ka mwana wa mbuzi. Chitseko chinatseguka. Rhoda anatuluka, phala lili mbuu pabulauzi, tsitsi litamasuka. Anafika pamene panali mkulu wake, ndipo manja ake, mwachizolowezi cha miyezi yonseyi, anatambasuka okha kupereka mwana. A Febby nawo anali atayamba kale kulandira. Onse awiri anaima choncho, khanda lili pakati, likupalasa miyendo kulunjika kubere lodzaza.

Febby ndiye anayamba kubweza manja. Anawaika kumbuyo n'kuwakhalira.

Rhoda anakhala pansi pasitepe yomweyo, phewa lake likukhudza la mkulu wake. Anamasula mabatani, natulutsa bere lake louma lija, la chipsera cha mpeni wa dokotala, naliika m'kamwa mwa mwanayo. Imelda anakana, nakana, kenaka analigwira. Pakhondepo panagwa bata. Ankayamwa mwamphamvu, masaya akulowa ndi kutuluka, osameza kanthu, ndipo nthawi yonseyo maso ake anali otsegula, akuyang'ana amayi ake aakulu.